Makope Anapita ndi Nshawa

Funso limene ndikufuna kuyankha m'nkhani ino ndi ili: kodi buku la atengatenga awiri, limene lakhala m'bokosi langa lamalata zaka zonsezi, analilemba ndani, ndipo tsiku limene ndinatayipa dzina langa lokha pachikuto chake, ndinalandira mphatso kapena ndinaba? Ndinaphunzira ntchito yosunga makalata ndi mafayilo mpaka kulandira dipuloma, ndipo ntchitoyo ndinaigwira mpaka kupuma. Munthu wotere sayenera kuvutika kudziwa mwini pepala. Komabe apa ndavutika, choncho ndiyala zinthu monga momwe zinatsatanirana, mwina yankho lingatulukire pakati.

Mnzanga amene ndinalemba naye bukulo ndinakumana naye pamzere wa unga mukomboni yathu ya Matero, m'zaka zimene munthu akaona mzere ankayamba waimapo kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Ine pamizere yotere ndinkapita ndi buku, chifukwa kuima kunkatenga m'mawa wonse. Tsiku limenelo ndinapepesa mayi wina amene ndinamuponda phazi, ndipo kalankhulidwe kanga kanandiulula kuti ndine wa kum'mawa. Munthu amene anali kumbuyo kwanga anandigwira paphewa.

"Ba mbuya, buku sibadya. Kapena mwabisamo mbewa pakati pa mapepala?"

Nditatembenuka ndinaona mwamuna wamfupi, wa manja akuda ndi mafuta a makina. Ndinamuyankha kuti ndinali wodabwa kuona Mbemba pamzere wa unga pamene anyani, ndiwo ya kwawo, anali asanathe m'tchire. Anthu anaseka, iye koposa onse. Unga unatha tisanafike pakhomo la sitolo, ndipo tinabwerera limodzi chimanjamanja. Anali makaniko pafakitale ina yokonza zitsulo, ndipo ankakhala kukomboni ya George, ulendo wa theka la ola wapansi kuchokera kwathu.

Ubwenzi wathu unayambira pachimbuya, ndipo pachimbuya pomwepo unakhala mpaka mapeto. Makolo athu Angoni ndi makolo awo Abemba anamenyana kalekale osagonjetsana, ndipo nkhondoyo itazirala inasanduka nthabwala. Mbuya wako ali ndi ufulu wokunyoza pagulu, wokuvula chipewa n'kupita nacho, wokutcha kapolo wake, ndipo iwe sukwiya, umangobwezera. Pamaliro ako ndiye amagwira ntchito zolemetsa ndi kuseketsa olira. Koma pali lamulo lina limene palibe analilemba: mbuya sumufunsa kuti, "Kodi mukunena zoona?" Kufunsa chotero ndi kuvomera kuti mkondo wake wakulasa. Lamulo limeneli ndi limene latisiya ine ndi bukuli pamene tili lero.

Buku limene ndinkawerenga pamzere paja linali lonena za nkhondo ya Azungu otilamulira ndi Ajeremani kumpoto kwa dziko lathu. Linali ndi masamba ambiri a akazembe ndi mifuti, koma za anthu akuda amene anasenza katundu wa nkhondoyo pamutu linangotchula m'mizere yochepa. Nditamuuza mnzangayo zimenezi, anati amalume a bambo ake anali mmodzi wa atengatengawo, ndipo mpaka imfa yawo anali ndi dazi pakati pamutu pamene bokosi linkakhala. Tinakangana masabata angapo za amene anasenza kwambiri, Angoni kapena Abemba. Potsiriza iye anati, "Imwe muli na sukulu, lembani. Koma Mubemba musamugwire, muzamunamizira. Uyo nizalemba neka."

Kachitidwe kathu kanali kotere. Tinagula kope limodzi. Ine ndinalemba mutu woyamba, wonena za Mngoni amene anagwidwa kumudzi kwawo kuti akasenze katundu, ndipo Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, ndinapita nalo ku George. Patapita masabata awiri iye analibweretsa ku Matero ali atalemba mutu wachiwiri, wonena za Mbemba amene anamangidwa chingwe chimodzi ndi Mngoni uja. Kope likadzaza tinkagula lina. Tinali ndi malamulo awiri okha: sungaphe munthu wa mnzako, ndipo sungafafanize zimene mnzako walemba. Zina zonse zinali zololedwa. Iye anagwetsera Mngoni wanga m'dzenje la zonyansa la asilikali. Ine ndinachititsa kuti Mbemba wake akwapulidwe chifukwa choba mchere. Anthu awiriwo anayenda limodzi mvula ndi dzuwa, akutukwanana, akugawana chinangwa, monga momwe ife tinkachitira.

Poyamba kunali kosavuta kusiyanitsa zolemba zathu. Ine ndinkayamba mutu ndi mwezi, mtunda umene anayenda, ndi muyeso wa chakudya chimene analandira, pakuti zimenezi ndinkazifufuza m'mabuku ndi m'mafayilo akale. Iye analibe nazo ntchito zimenezo. Ankalemba za nkhata imene imawola pamutu mvula ikagwa masiku atatu, za fungo la zilonda za kumapazi, za munthu amene amalota akutula katundu n'kudzuka khosi likupwetekabe. Ankalemba m'Chinyanja cha m'tauni, mizere yaitali yopanda popumira, ndipo pepala lililonse linali ndi chidindo cha chala chake cha mafuta. Kunena zoona, ndinkachita nsanje. Mitu yanga inali yolondola, koma yake inkayenda yokha.

Chimene chinachitika pambuyo pake sindinachione pamene chinkachitika. Ndinayamba kumubwereka mabuku a nkhani zakale kuchokera kulaibulale, ndipo ankawawerenga panthawi yopuma kuntchito. Pofika chaka chachitatu anayamba kundifunsa mapu. Tsiku lina anandidzudzula kuti ndawolotsa anthu mtsinje m'mwezi umene mtsinjewo umakhala wosefukira. Mitu yake inayamba kutsegula ndi nyengo ndi mtunda, monga yanga. Ine nanenso, osadziwa, ndinasiya kuwerengera mitunda ndi kuyamba kulemba mikangano ya pamoto ndi zonena za anthu anjala. Kenaka malire a anthu athu anagwa: iye analemba mutu wonse wa Mngoni akulira mkazi wake, ine ndinalemba wa Mbemba akuphunzitsa anzake nyimbo yonyoza kapitao. Chala chake chitaphwanyidwa ndi chitsulo, iye ankanena ine ndikulemba. Masiku ena ine ndinkayendayenda pabwalo ndikunena iye akulemba. Kodi ndani anaphunzitsa mnzake? Ndikati ine, ndimakumbukira nkhata yowola ija. Ndikati iye, ndimakumbukira mapu.

Mkati mwa zaka zimenezo zinthu m'dziko zinkaipiraipira. Sopo, mafuta ophikira, ngakhale makope enieniwo anayamba kusowa. Fakitale ya mnzangayo inatsekedwa, ndipo iye anayamba kusula mbaula za makala kuchokera ku migolo yakale, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Mkazi wake, amene ndinkawatcha alamu, anayamba kukazinga nshawa, zimene ena amati mtedza, ndi kugulitsa pamalo okwerera minibasi. Ine ntchito inatsala, ngakhale kuti malipiro ake sankafika pakati pa mwezi. Komabe bukulo tinalimaliza. Atengatenga awiriwo anafika pamphambano pamene njira ya kum'mawa imasiyana ndi ya kumpoto, anatukwanana komaliza, n'kusiyana.

Apa ndipo pamene ndinalakwa koyamba, ndipo cholakwacho chinachokera ku ntchito yanga. Ndinaganiza zotayipa buku lonse pamakina a kuofesi, nthawi ya chakudya chamasana, kuseri kwa mafomu akale amene ankayenera kutayidwa. Zinanditengera pafupifupi chaka. Potayipa ndinasalaza chilankhulo chonse kuti chikhale chimodzi, choyenera kuwerengedwa m'sukulu; ndinadula mizere yake yaitali, ndinalumikiza yanga yaifupi. Sindinalembe paliponse kuti mutu uwu ndi wa uje. Sindinaone chifukwa, pakuti makope analipo.

Muofesi yosunga makalata muli mwambo wakuti kalata ikatayipidwa bwino n'kufanizidwa ndi yolemba pamanja, yolemba pamanjayo imawonongedwa, kuti pasakhale makalata awiri onena chinthu chimodzi. Mwambo umenewu unandilowa m'magazi. Nditamaliza kufaniza tsamba lomaliza, makope aja m'maso mwanga anasanduka zinyalala. Loweruka lina ndinapeza alamu akudandaula kuti nyuzipepala zakale zokulungira nshawa zasowa, ndipo ine, pofuna kuthandiza, ndinawabweretsera makope onse m'thumba la pulasitiki.

"Ba mulamu, mwabafunsa banzanu?" anatero alamu.

Ndinawayankha kuti zonse zinatayipidwa kale, palibe chotayika.

Anandifunsanso kachiwiri, akutsegula kope limodzi ndi kuyang'ana zolemba za mwamuna wawo. Ine ndinabwereza yankho lomwelo, monga momwe ndikanayankhira kalaliki watsopano. Anapinda pepala loyamba ine ndikuona.

Mnzangayo anadziwa patapita masiku, ataona kondakitala wa minibasi akudya nshawa m'pepala lokhala ndi chidindo cha chala chake. Lamlungu lotsatira anandilandira akuseka.

"Ba mbuya, mwachita bwino. Manje buku yathu yafika ku banthu. Uja kondakitala anawerenga pomwe Mungoni wanu anagwera mu chimbuzi, anatsamwa na nshawa."

Ndinaseka naye. Ndinamuyang'ana kumaso kufuna kuona ngati pali china kuseri kwa kusekako, koma iye anali atawerama kale pamgolo wake, akumenya ndi nyundo. Ndikanatha kufunsa. Sindinafunse, chifukwa mbuya safunsidwa.

Cholakwa chachiwiri, ngati chinali cholakwa, chinabwera miyezi ingapo pambuyo pake. Ndinamva kuti kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku ikufuna nkhani za m'zilankhulo zathu zoti ziwerengedwe m'sukulu. Ndinapita kukatenga fomu. Inali ndi mzere umodzi wa dzina la mlembi, ndi mzere wina pansi pake wa maphunziro ake. Ndinafunsa kalaliki wa kumeneko ngati ndingalembe mayina awiri. Iye anati akuluakulu osankha mabuku amafuna munthu mmodzi woti azilemberana naye makalata, makamaka wokhala ndi mapepala a sukulu, ndipo fomu yosokonezeka amaiika pansi pa mulu. Mnzangayo sukulu analekera pakati pa sekondale.

Ndinapita ku George masana omwewo. Ndinamupeza akuboola mabowo pambaula ndi msomali waukulu, ndipo ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, monga ndazilembera pano. Ndinamuuza kuti ngati sakufuna, fomuyo ndiing'amba.

Sanasiye kuboola. "Mungoni anayamba liti kupempha asanatenge? Ng'ombe za bamakolo bathu munapempha?"

"Ndikufunsa za dzina, ba mbuya."

"Lembani yanu. Ine zina yanga ikhale pafupi na ya munthu wodya mbewa? Kwathu ku Kasama bazaniseka."

"Koma mitu yambiri ndi yanu."

"Iti?" Anaimika nyundo n'kundiyang'ana. "Nionetseni umodzi. Pitani mukafunse kondakitala."

Alamu, amene anali kupeta nshawa pakhonde, sanaseke. Iye anaseka, n'kubwerera ku mbaula yake, nati, "Ndimwe kapolo wanga. Vinthu va kapolo ni va bwana wake. Lembani zina yanu, yonse ni yanga che."

Pobwerera ku Matero ndinasanthula mawu amenewa mbali zonse. Akanatha kukhala mphatso yeniyeni, yokulungidwa m'chipongwe chifukwa pakati pathu panalibe pepala lina lokulungira mphatso. Akanathanso kukhala mawu a munthu wolasidwa, amene akundikumbutsa kuti umboni wake ndinauwononga ndine, ndipo akudikira kuti ndikane ndekha. Zonse ziwiri zinkakwana bwino lomwe. Lolemba masana ndinalowetsa pepala m'makina, ndinatayipa mutu wa buku, ndipo pansi pake ndinatayipa dzina langa ndi dipuloma yanga. Ndinadziuza kuti bukulo likatuluka ndidzalemba za iye patsamba loyamba. Ndiyenera kuvomera kuti dzinalo litaonekera papepala ndinamva kukoma.

Bukulo silinatuluke. Patapita chaka ndi miyezi, kampaniyo inalibweza ndi kalata yaifupi yonena kuti mapepala osindikizira akusowa ndipo ntchito yaimitsidwa. Phukusilo ndinapita nalo ku George osalitsegulanso, ndipo sindikudziwa ngati ndinaiwala kuchotsa chikuto kapena ndinafuna kuti achione. Iye anachita chinthu chimene anali asanachitepo ndi makope athu: anapita kukasamba m'manja ndi phulusa asanaligwire. Anayang'ana chikutocho nthawi yaitali, kuposa imene mawu ochepa amenewo ankafuna.

"Mwaitayipa bwino zina," anatero. "Yaima pakati-kati."

Kenaka anandibwezera phukusilo, nati Angoni ngakhale akabe, katundu amawabwerera okha, ndipo anayamba kundifunsa ngati ku Matero kwafika shuga.

Tinapitiriza kuonana Lamlungu lililonse kwa zaka zina zinayi. Tinkanyozana monga kale. Koma sitinalembenso kanthu, ndipo za atengatenga sanazitchulenso. Ndayesa kupeza chifukwa chake, ndipo ndapeza zitatu. Mwina nkhaniyo inangotha, ndipo panalibe china cholemba. Mwina njala ndi nyundo zinamutopetsa, pakuti munthu amene wasula migolo tsiku lonse zala zake sizigwira pensulo. Mwina ndinamupweteka. Chilichonse mwa zitatuzi chimafotokoza zimene ndinaona popanda kusiya chotsalira, ndipo palibe chimene chimachotsa chinzake. Kamodzi ndinagula kope latsopano n'kulisiya pampando wake. Lamlungu lotsatira ndinalipeza likuchirikiza mwendo wa tebulo. Kodi limenelo linali yankho, kapena tebulo linkangogwedera? Linkagwederadi, ndinali nditaliona kale.

Anadwala miyezi isanu, matenda amene anatenga amuna ambiri a msinkhu wathu m'zaka zimenezo. Pomuzonda ndinatsala pang'ono kufunsa. Ndinali nditakonza mawu ake m'njira. Koma nditangolowa iye anati, "Mwabwera kuona ngati nsapato zanga zizakukwanani?" ndipo ine ndinayankha kuti nsapato za Mbemba zimathawa zokha zikaona wapolisi. Tinaseka mpaka iye anatsokomola, ndipo nthawi yofunsa inapita.

Pamaliro ake ndinachita zonse zimene mbuya amachita. Ndinatsogolera a kum'mawa kokumba manda. Ndinapaka abale ake unga kumaso, ndinamunena pamaso pa anthu kuti ndi waulesi amene wagona kuthawa ntchito, ndipo olira anaseka monga mwambo umafunira. Ndinachita bwino, anthu anatero. Ine ndinkangomva ngati ndikupitiriza kukambirana kumene tonse awiri tinalephera kukumaliza.

Patapita mwezi ndinapita kwa alamu, pakuti iwo sanali mbuya wanga m'njira imeneyo ndipo ndikanatha kuwafunsa molunjika. Anandiyankha akusenda nshawa, osandiyang'ana.

"Banali kukamba viwiri, ba mulamu. Bakabwera banthu kugula mbaula, banali kubauza ati nili na buku, Mungoni ananibera. Baseka. Tsiku ina bananiuza ine ati ija buku ni ya ba mbuya, ine nenze che wonyamula katundu. Apo sibanaseke."

"Nanga zoona zinali ziti?"

"Imwe munali nabo pa Sondo iliyonse. Mufunsa ine?"

Ndinawafunsa ngati ndingaike mayina onse awiri tsopano. Anati mwamuna wawo anakana ali moyo, iwo akumva, ndipo sangasinthe mawu a munthu amene sangathenso kudziyankhira. Ndinawakumbutsa kuti anakana moseka. Iwo anati, "Nanga banali kukamba chani osaseka, kuli imwe?"

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa kuthetsa nkhaniyi m'njira yokhayo imene ndimaidziwa. Ndimatulutsa bukulo, ndimatenga pensulo, ndipo ndimawerenga mutu uliwonse ndikufunsa kuti ndani akanaganiza chinthu chotere. Pamene pali mtunda ndi mwezi ndimati ndine, kenaka ndimakumbukira kuti m'zaka zomaliza mapu anali kwa iye. Pamene pali nthabwala yoluma ndimati ndi iye, kenaka ndimadziona ndikuilemba patebulo langa ku Matero, ndikumwetulira poganiza momwe adzaipsere mtima. Mutu umene ndimaukonda koposa, wa Mngoni akusenza bokosi la Mbemba wodwala pamwamba pa lake, uku akumutukwana njira yonse kuti anthu asaone kuti akumuthandiza, ndauika mbali yanga kawiri ndi mbali yake katatu. Ndimakumbukira bwino lomwe kuti tinali pansi pa mango paja tsiku limene unalembedwa. Sindikumbukira amene anagwira pensulo.

Ndinkayembekezera kuti ndikapeza kuti mitu yanga ndi yambiri, dzina lija lidzakhala ndi poimira, ndipo ndikapeza kuti yake ndi yambiri, ndidzadziwa kuti ndinaba n'kuyamba kulapa. Kuwerengako sikunandipatse chilichonse mwa ziwirizi. Ndatayipa zikuto zina ziwiri, china cha mayina awiri, china cha dzina lake lokha. Cha mayina awiri chimanena kuti tinagwirizana, pamene sitinagwirizane. Cha dzina lake lokha chimandichotsa m'ntchito imene ndinaigwira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa chimene akananena: kuti Mngoni akabweza katundu ndiye kuti wapeza wina wabwino. Zikuto zonse zitatu zili m'bokosi, pansi pa bukulo, ndipo pamwamba pake palibe chilichonse.

Kuwerenga komaliza ndinakuchita chaka chatha, ndipo ndinalonjeza kuti sindidzabwerezanso. Zinaima motere. Makope anali asanu ndi anayi, otsala palibe. Mitu ya bukuli ndi makumi atatu ndi inayi. Imene ndingalumbire kuti ndi yanga ndi khumi. Imene ndingalumbire kuti ndi yake ndi khumi ndi umodzi. Imene sindikudziwa mwini wake ndi khumi ndi itatu.